Mwangosamukira ku Lilongwe? Malangizo kwa banja latsopano

Ukwati watha, alendo abalalika, ndipo ntchito yakuitanirani ku Lilongwe. Kumudzi munali ndi nkhokwe, chitsime ndi abale pakhomo. Mumzinda uno, momwe kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi miliyoni imodzi, madzi, moto ndi pogona zonse n'zogula. Zimene mungachite m'miyezi itatu yoyamba ndizo zimaonetsa ngati banja likhazikika kapena limira m'ngongole.

Sankhani nyumba poyang'ana mtunda

Lilongwe ndi mzinda wotambalala. Nyumba yotchipa imene ili kutali ndi kuntchito imadya ndalama zambiri pa minibasi ndi kabaza kuposa zimene mwapulumutsa pa lendi. Ngati ntchito ili ku Kanengo, yambani kufufuza ku Area 25. Ngati ili ku Old Town, onani ku Kawale, Biwi, Mchesi, Area 36 kapena Chinsapo. Phatikizani lendi ndi ndalama zoyendera za mwezi wonse: umenewo ndiwo mtengo weniweni wa nyumbayo.

Musapereke ndalama kwa dobadoba kapena kutumiza pa foni musanaone nyumba ndi maso anu, musanakumanenso ndi mwini wake. Pitani nonse awiri, chifukwa zimene bambo sangaone kukhitchini ndi kubafa, mayi aziona. Yang'anani denga ngati lili ndi zipsera za kudontha, ndipo funsani oyandikana nawo mmene malowo amakhalira dzinja. Nyumba zokhala m'mbali mwa mitsinje monga Lingadzi zimaoneka zabwino mu Ogasiti, koma mu Febuluwale madzi amalowa m'nyumba. Safunsa anadya phula.

Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi ingapo nthawi imodzi. Zimene mwagwirizana zilembedwe: lendi ndi zingati, tsiku lolipira, amene azikonza zowonongeka, ndi nthawi yodziwitsana pofuna kutuluka. Aliyense asaine, pakhale mboni, ndipo muzisunga umboni wa ndalama iliyonse imene mwapereka.

Madzi ndi magetsi

Tsiku lolowa m'nyumba, jambulani mita ya madzi pa foni ndipo funsani kuona bilu yomaliza ya Lilongwe Water Board, kuopa kulipira ngongole ya amene anatuluka. Ngati mita ya ESCOM kapena mpopi ndi wa anthu angapo pa puloti imodzi, mvanani poyambirira kuti aliyense azisonkha bwanji. Mikangano yambiri ya alendi imayambira pa mayunitsi, wina akamaphika nyemba pa hotipuleti pomwe anzake amangoyatsa mababu. Khalani ndi ndowa zovundikira zosungira madzi, tochi ndi mbaula, poti madzi ndi magetsi nthawi zina amasowa.

Ndalama zikhale poyera

Khalani pansi tsiku limene malipiro alowa, ndalama zisanayambe kutuluka. Aliyense anene zimene amapeza ndi ngongole zimene ali nazo. Yambani ndi lendi, thiransipoti, ufa, mayunitsi ndi madzi. Kenaka patulani kangachepe ka matenda ndi maliro, musunge kubanki, pa Airtel Money kapena Mpamba. Ufa, sopo, shuga ndi mafuta ophikira gulani zamwezi, poti kugula tizing'onoting'ono tsiku ndi tsiku paokala kumadula. Ndiwo zamasamba, mbatata ndi tomato zimatsika mtengo ku msika wa Lizulu mukalawirira. Chimanga gulani nthawi yokolola, cha mu Meyi ndi Juni, muthire mankhwala oteteza anankafumbwe, chifukwa mu Januwale chimakwera.

Musachite manyazi kuyamba ndi matiresi, mphasa ndi mapoto awiri. Sofa ndi TV zidzabwera. Pewani katapila: chiwongoladzanja chake chimameza malipiro a mwezi wotsatira. Banki mkhonde ndi chipereganyu n'zothandiza, koma lowani mukawadziwa bwino anthu ake.

Dziwikani m'dera

M'sabata yoyamba, kapatseni moni oyandikana nawo ndipo kadzionetseni kwa mfumu ya deralo. Tengani kalata yosamukira kuchokera kumpingo kwanu, mulowe mphakati, bungwe la amayi kapena kwaya. Asilamu dziwikani kumzikiti wapafupi. Maliro akagwa m'dera, pitani ndipo perekani chopepesa ngakhale womwalirayo simukumudziwa. Tsiku limene mudzadwale usiku, amene adzakufunireni galimoto ndi anthu omwewa. Dziwiranitu chipatala chaching'ono chapafupi, monga cha ku Kawale, Area 18 kapena Area 25, ndipo mabuku anu a kuchipatala akhale poonekera. Matenda akakula, a kuchipatalako ndiwo amatumiza ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central.

Abale ndi alendo

Kwanu akamva kuti muli mumzinda, mauthenga opempha feteleza ndi fizi ayamba, ndipo ena abwera kudzafuna ntchito. Chibale ndi fupa, sichiola, koma gwirizanani nokha kuti mbali iliyonse muzithandiza ndi zingati. Musatumize ndalama kwanu mobisa. Mlendo asanakwere basi, nonse awiri mudziwe kuti akhala masiku angati, ndipo wouza mlendoyo zimenezi akhale m'bale wake, osati mlamu.

Samalanani

Kawirikawiri mmodzi amapita kuntchito, mnzake n'kutsala yekha m'nyumba yachilendo tsiku lonse. Wotsalayo asaiwalidwe. Yendani limodzi Loweruka kuti nonse mudziwe masiteji, msika ndi chigayo. Mukasemphana, nkhani yanu isakathere pa WhatsApp kapena kumpopi. Kambiranani m'nyumba, ndipo zikakanika imbirani ankhoswe. Iwo ali kutali, choncho pezaninso banja lachikulire lodalirika mumzinda momwemo loti lizikulangizani.

Musathamangire kufanana ndi anzanu amene anafika zaka khumi zapitazo. Lipirani lendi pa nthawi yake, lembani zimene mwagula, ndipo mwezi uno usathe musanadziwe mayina a anthu amene mwayandikana nawo.