Nthawi ya GPS: kuchedwa kumalowera pati?

Nsanja za mafoni, mabanki ndi makina ogawira magetsi m'maiko ambiri amatchera mawotchi awo potengera masetilaiti a GPS. Masetilaitiwa ali makilomita pafupifupi 20,200 kumwamba, ndipo amanyamula mawotchi a atomu olondola kwambiri. Cholakwika chachikulu chimalowa panjira, uthenga wa nthawi usanafike pa chipangizo cholandirira.

Tiyambe ndi muyeso. Uthengawu umathamanga pa liwiro la kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi. Mukagawa sekondi m'zigawo 1,000,000,000, chigawo chimodzi ndi nanosekondi, ndipo pa kanthawi kameneko uthenga umayenda masentimita 30.

Malo oyamba ochedwetsa ndi ionosphere, mpweya wakumwamba umene dzuwa limaudzaza mphamvu ya magetsi. Kuchedwa kwake kumasintha usana ndi usiku. Mankhwala ake ndi chipangizo chomva mafunde awiri, L1 ndi L2. Mafundewa amachedwa mosiyana, choncho chipangizo chimawerengera kusiyanako n'kuchotsa kuchedwako.

Achiwiri ndi denga ndi makoma. Uthenga ukagunda malata umanjanja, n'kufika mochedwa ngati mawu obwerera kuphiri. N'chifukwa chake mlongoti wolandirira umaikidwa poyera, pamwamba pa zotchinga.

Achitatu ndi waya wochokera pa mlongoti. Mita iliyonse imawonjezera nanosekondi 4 kapena 5. Woika chipangizo ayenera kuyeza wayayo n'kulowetsa chiwerengerocho m'makina. Ayeneranso kulola chipangizo kupeza malo enieni a mlongoti kwa maola ambiri n'kuwasunga, chifukwa chikalakwitsa malo chimalakwitsanso nthawi.

Nanga masetilaiti enieniwo akalakwa? Zinachitikapo pa 26 January 2016, pamene masetilaiti angapo a GPS anatumiza nthawi yophonya ndi mamaikrosekondi pafupifupi 13, ndiye kuti nanosekondi 13,000. Wailesi za dijito za BBC ku Britain zinasokonekera. Motero malo ofunika amakhala ndi wotchi yawoyawo, monga ya rubidium, yosunga nthawi uthenga ukakayikitsa, ndipo ena amafananiza GPS ndi masetilaiti a Galileo a ku Ulaya.

Inu amene mudzaphunzitse sayansi, yesani funso ili ndi ana a Fomu 3: waya wa mamita 30, wochedwetsa nanosekondi 5 pa mita, waiwalika. Wotchi itsalira bwanji? Yankho ndi nanosekondi 150, zofanana ndi mamita 45 a ulendo wa kuwala. Cholakwika chimenechi tepi yoyezera ikanachichotsa.