Piramidi ya Khufu ndi manambala oyenda pa WhatsApp



Sabata yatha m'kalasi ya masamu ya Fomu 3, mnyamata wina anatibweretsera uthenga womwe anauona pa foni ya amalume ake. Uthengawo unkati piramidi yaikulu ya ku Giza, m'dziko la Egypt, ili pa madigiri 29.9792 kumpoto kwa ikweta, pomwe kuwala kumathamanga mamita 299,792,458 pa sekondi imodzi. "Aphunzitsi, manambala ake ndi omwewo," anatero. "Ndiye kuti anthu akalewo ankadziwa zinsinsi zomwe asayansi angozitulukira kumene." Kalasi yonse inangoti ziii. Taona kuti ndi bwino tiyankhe pano, chifukwa uthengawu wafikanso m'magulu a makolo.

Manambala awiriwa ndi olondola, vuto ndi miyeso yake. Piramidiyi inamangidwa ngati manda a mfumu Khufu zaka pafupifupi 4,500 zapitazo. Mita anaikhazikitsa ku France m'zaka za m'ma 1790. Tikayesa liwiro lomwelo m'mamailosi, kuwala kumayenda mamailosi 186,282 pa sekondi, ndipo kufanana kuja kumatheratu. Kuti amisiri a Khufu abise nambalayi mwadala, anayenera kudziwiratu muyeso womwe Afalansa adzasankhe patapita zaka zoposa 4,000. Palinso china. Mbali iliyonse ya piramidiyi ndi yotalika mamita 230, pomwe madigiri 0.0001 ndi mamita 11 okha. Choncho pa malo a piramidi pali manambala pafupifupi 20 otere, ndipo wolemba uthengawo anangotolapo yomwe inamukomera. Mzere womwewo umazungulira dziko lonse, kudutsa m'zipululu ndi m'nyanja, koma palibe amene amatumiza uthenga wonena za malo amenewo.

Nkhani ya pi ndiyo yofunika kuikhalira pansi, chifukwa ili ndi mutu. Anthu a ku Egypt ankayesa ndi mkono, ndipo mkono umodzi unali ndi zikhato 7. Piramidi ya Khufu inali yotalika mikono 280 kupita m'mwamba, mbali iliyonse ya pansi mikono 440. Tengani kalikuleta. Mbali zinayi pamodzi ndi mikono 1,760. Gawani ndi 280, kenako ndi 2. Mupeza 3.1428, yomwe ndi 22/7 imene timagwiritsa ntchito m'kalasi. Ife omwe, tsiku loyamba kuwerengera zimenezi, tinadabwa.

Koma onani momwe amisiriwo ankagwirira ntchito. Iwo sankayesa kupendekeka kwa khoma m'madigiri. Anali ndi muyeso wotchedwa seked: khoma likakwera mkono umodzi, lilowe mkati zikhato zingati? Pa piramidi ya Khufu yankho ndi zikhato zisanu ndi theka. Mukamanga ndi lamulo limeneli kuchokera pansi mpaka pamwamba, 22/7 imatuluka yokha, kaya mukuidziwa kaya ayi. Piramidi ya mwana wake, Khafre, yomwe ili pafupi pomwepo, ili ndi seked ya zikhato zisanu ndi kota, ndipo pi mulibemo. Pali mpukutu wa masamu wotchedwa Rhind Papyrus, womwe mlembi Ahmes anakopera cha m'ma 1550 BC ndipo umasungidwa ku British Museum ku London. Muli mafunso a seked ofanana ndithu ndi omwe timapereka pa mayeso. Mulinso njira yawo yopezera kukula kwa bwalo lozungulira, ndipo njirayo imapereka pi ya 3.16, osati 3.14. Akanakhala kuti ankaidziwa bwino nambalayi mpaka kuibisa m'miyala, akanailakwitsa bwanji m'buku la masamu?

Maganizowa sanayambire pa WhatsApp. John Taylor wa ku England analemba buku lotere mu 1859, ndipo Charles Piazzi Smyth, katswiri wa nyenyezi ku Scotland, anapitiriza mu 1864. Smyth ankati kutalika kwa tinjira ta mkati mwa piramidi kumalosera zaka zam'tsogolo. Mu 1880 mnyamata wina, Flinders Petrie, yemwe anakula akuwerenga za Smyth mwachidwi, anapita ku Giza ndi zida zoyesera. Anapeza kuti mbali za piramidi n'zofupikirapo kusiyana ndi zomwe Smyth ankanena, ndipo anazilemba momwemo ngakhale sizinali zomwe ankayembekezera.

Kwa ife Asilamu nkhaniyi ikukhudzanso chikhulupiriro. Zobisika ndi zam'tsogolo amazidziwa ndi Allah yekha, choncho wotiuza kuti wawerenga tsogolo m'miyala ya manda tisamumvere, ngakhale atabwera ndi manambala ochuluka chotani. Surat Al-Hujurat, ayah 6, imatiphunzitsa kufufuza kaye nkhani tisanachitepo kanthu. Makolo, kudina batani lotumizira ena uthenga nakonso ndi kuchitapo kanthu.

Chomwe chimatiwawa n'chakuti mauthengawa amalanda ulemu anthu omwe anakhetsa thukuta. Mu 2013, ku Wadi al-Jarf m'mbali mwa Red Sea, ofukula zakale anapeza zolemba za kapitawo wina dzina lake Merer. Iye ankalemba tsiku ndi tsiku momwe gulu lake linkanyamulira miyala pa mabwato kuchokera ku Tura kupita ku Giza m'nthawi ya Khufu. Amenewa anali Aafirika anzathu, okhala ndi zingwe, mabwato ndi masamu a seked, ndipo anaimika chimango cha mamita 146 chomwe mbali zake zikuloza kumpoto, kummwera, kummawa ndi kumadzulo molondola kwambiri.

Ophunzira a Fomu 3 ndi 4, ntchito yanu nayi. Bwerekani tepi ku ofesi, muyese chitseko, mawindo, bolodi ndi makoma a kalasi yanu. Phatikizani, chulukitsani ndi kugawa manambalawo mpaka mutapeza yoyandikira 3.14 kapena 1447. Lembani kuti munayesa kangati musanaipeze, ndipo mubweretse Lachinayi likubwerali, in sha Allah.