Musanabene DVD ya ukwati, yambani mwawerengera

M'chimbale cha DVD wamba mumalowa 4.7 GB basi. Kanema akhale wa ola limodzi kapena maola atatu, malo ndi omwewo, ndipo akatalika, sekondi iliyonse imalandira gawo lochepa. Gawo limeneli ndi limene mapulogalamu amalitcha bitrate. Likachepa, nkhope za akwati zimasweka n'kukhala timabokosi, makamaka anthu akadzuka kuvina pa perekaniperekani.

Choncho yambani ndi masamu. Chimbalecho chimasunga ma megabit pafupifupi 37,600. Gawani nambalayi ndi masekondi a kanema wanu. Maola awiri ndi masekondi 7,200, ndipo yankho ndi 5.2 Mbps. Mukachotsapo za mawu ndi za menyu, chithunzi chitsala ndi pafupifupi 4.8, ndipo pamenepo chimaoneka bwino ndithu. Pa maola atatu mutsika kufika cha m'ma 3. Ine chimbale chotero sindingapereke kwa munthu amene walipira ndalama zake. Gulani cha 8.5 GB, kapena gawani pawiri: za kutchalitchi kwina, za kuholo kwina.

Kenako onani za mawu. PCM imadya 1.5 Mbps yokha, pomwe Dolby Digital ya 192 kbps imamveketsa malumbiro ndi kwaya bwinobwino. Malo amene mwapulumutsawo apite ku chithunzi.

Tsopano sankhani pakati pa CBR ndi VBR. CBR imagawa mofanana paliponse: abusa ataima phee pa guwa amalandira zofanana ndi aperekezi akuvina. Kanema akapitirira ola limodzi, ikani VBR ya 2-pass. Ulendo woyamba kompyuta imangoyang'ana pomwe pali kuyenda kwambiri, wachiwiri n'kupereka zambiri pamenepo. Zimatenga nthawi, komabe dikirani. Nambala yapamwamba muyike pa 8 Mbps. Malire a DVD ndi 9.8, koma mapuleya akale amadodomadodoma chimbale chobena chikayandikira pamenepo.

Zojambulidwa mumdima zimakhala ndi timadontho tonyezimira, ndipo MPEG-2, njira imene DVD imasungira kanema, imawononga malo posunga timadonthoto ngati chithunzi chenicheni. Tichepetseni kaye ndi noise reduction.

Kwathu kuno timagwiritsa ntchito PAL, choncho ikani 720 x 576, pa mafuremu 25 pa sekondi.

Musanabene zimbale zambiri, tengani mphindi ziwiri za pomwe pali gule, muzibene pa chimbale chimodzi, mukaonere pa puleya ndi TV ya pabalaza. Timabokosi tikaoneka, kwezani bitrate kapena fupikitsani kanemayo.