Koma Ine Ndili ndi Mmodzi Yekha

Wofunsa: Amayi, zija munkanena zokayezetsa khomo la chiberekero ine sizikundikhudza. Chibwenzi changa ndi chimodzi, ndipo magazi tinakayezetsa limodzi. Zinatuluka bwino.

Mlangizi: Munayezetsa chiyani?

Wofunsa: HIV.

Mlangizi: Ndiye mwadziwa za HIV basi. HPV sayezera m'magazi, mwana wanga. Ndi kachilombo kena, kokhala pakhungu la kumaliseche, ndipo mitundu yake imaposa 200. Mtundu 6 ndi 11 ndiyo imatulutsa njerewere kumusiku. Zimachititsa manyazi, koma sizipha. Yoopsa ndi ija yosayabwa, yosapweteka, makamaka 16 ndi 18. Mwa amayi 10 alionse odwala khansa ya khomo la chiberekero, pafupifupi 7 imawagwira chifukwa cha mitundu iwiri imeneyi.

Wofunsa: Komatu timagwiritsa ntchito kondomu.

Mlangizi: Musasiye, imachepetsa ndithu. Kungoti siphimba ponse, ndipo kachilomboka sikadikira umuna. Khungu likakhudzana ndi khungu, kadutsa.

Wofunsa: Chabwino. Koma amenewa ndi matenda a anthu oyendayenda. Ine sindinagonepo ndi wina aliyense.

Mlangizi: Nanga iyeyo, iwe ndiwe woyamba?

Wofunsa: Anali ndi wina ali kusekondale. Zakalekale.

Mlangizi: Ndipo winayo anali ndi ndani? Sukudziwa, iyenso sakudziwa. Zoona zake n'zakuti kuchuluka kwa zibwenzi kumakulitsa chiopsezo, kuyamba zogonana uli wamng'ono nakonso, kusuta fodya chimodzimodzi. Izi sindikubisa. Koma pafupifupi munthu aliyense amene anagonanapo amakatenga kachilomboka nthawi ina pamoyo wake, kawirikawiri m'zaka zoyambirira zenizeni, msinkhu wakowu. Mmodzi akukwana.

Wofunsa: Ndiye aliyense akanakhala ndi khansa.

Mlangizi: Ayi. Thupi limadzimenyera lokha. Mwa anthu 10 otenga kachilomboka, pafupifupi 9 kamatha pasanadutse zaka ziwiri, osamwa ngakhale Panado. Vuto lili pa wotsalayo. Kwa iye kamakhazikika pakhomo la chiberekero, n'kumasintha minofu pang'onopang'ono, zaka 15 mpaka 20, mwini wake akubereka, akulima, akuyenda maliro a anzake. Kwa mayi amene ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV, zaka 5 mpaka 10 zimakwana. Ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ikupha amayi ambiri padziko lonse. Si nkhani yakutali.

Wofunsa: Ndamva. Komabe ine ndi wokhulupirika, iyenso…

Mlangizi: Iwe, kodi ndikuyankhula ndi khoma? Amayi amene ndawaona akufika kuchipatala magazi akutuluka kale, fungo litayamba, ukuganiza anali a m'mabala? Ambiri anali a banja limodzi, ena a Mvano, ovala zoyera Lachinayi lililonse. Chinawachedwetsa ndi mawu akowa, akuti ine si woyendayenda.

Wofunsa: Musakwiye, amayi. Chikundivuta ndi ichi: akakandipeza nako, ndiye kuti iye akundizembera?

Mlangizi: Ayi, ndipo usakayambe ndewu. Kachilomboka kamatha kukhala chete zaka zambiri. Palibe dokotala angakuuze kuti unakatenga liti, kwa ndani. Mwamunayo sangadziwe n'komwe kuti ali nako, poti kwa abambo kulibe kuyeza kwa masiku onse ngati kwa amayi. Komanso iye sali pabwino, HPV imayambitsa khansa ya chida cha abambo, ya kotulukira chimbudzi ndi ya kummero. Mdulidwe umamuchepetsera chiopsezo.

Wofunsa: Nanga katemera wa HPV uja? Akuti amatseka mimba.

Mlangizi: Bodza la pamjigo limenelo. Anayamba kumuyesa ku Rumphi ndi ku Zomba, ndipo mu 2019 boma linamufikitsa dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Amabaya ana dala, chifukwa katemera amateteza, sachotsa kachilombo kamene kalowa kale. Uli ndi zaka zingati?

Wofunsa: 26.

Mlangizi: Ndiye chako ndi kuyezetsa, poti kuno timayambira zaka 25. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, n'kudikira mphindi imodzi. Pamene payamba kusintha pamayera. Pakakhala pang'ono amapawotcha ndi kachipangizo, nthawi zambiri tsiku lomwelo, khansa isanayambe.

Wofunsa: Kuvula pamaso pa munthu…

Mlangizi: Pobereka udzavala jinzi?

Wofunsa: Ndipita. Koma si kuti ndikumukayikira iyeyo ayi.

Mlangizi: Sindinakufunse zimenezo. Usapite uli kumwezi. Ndipo ukafika kunyumba ukaone buku la kuchipatala la mng'ono wako wa Sitandade 4 uja, ngati anabayitsa.