Kwa Inu Amene Mumamwetsa Agogo Mankhwala a Mtima

Ana anga, m'makomo ambiri ndinu amene mumasunga kabuku ka agogo kakuchipatala ndi kuwawerengera mapilitsi. Ngati pa mapilitsiwo pali kakang'ono kotchedwa digoxin, botolo lililonse la zitsamba lisafike pakamwa pawo adokotala asanalione.

Wogulitsa zitsamba adzakuuzani kuti zake n'zachilengedwe. Digoxin nayenso n'ngwachilengedwe. Amachokera ku masamba a duwa la ku Ulaya lotchedwa foxglove, lomwe dokotala wa ku England, William Withering, anafotokoza ntchito yake mu 1785. Digoxin amapatsa mphamvu mtima wofooka n'kuuchepetsa liwiro, koma mlingo wochiza ndi mlingo wopha n'ngoyandikana kwambiri.

Kwathu kuno tili ndi kombe, amene alenje a m'chigwa cha Shire ankapaka kumivi. John Kirk, mnzake wa Livingstone, anasunga mswachi m'thumba momwe munali kombe. Atatsuka mano anamva kuwawa mkamwa, kenako anazindikira kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Kanyenyeswa kapamswachi chabe! Kombe ndi digoxin amagwira mtima pamalo amodzi, choncho akakumana m'thupi limodzi, mlingo uja wapitirira. Duwa la oleander lomwe timabzala kumpanda lili ndi poizoni wamtundu womwewo.

Chomwe ndimachiopa kwambiri ine ndi mankhwala otsuka m'mimba, monga masamba a senna kapena utomoni wowawa wa aloe. Munthu akatsegula m'mimba amataya mchere wa m'magazi wotchedwa potaziyamu, ndipo mcherewu ukachepa, digoxin yemwe uja amaluma mopitirira. Agogo ambiri amakhala akumwanso mapilitsi okodzetsa a furosemide, omwe nawonso amatsitsa mchere womwewo. Tiyi wokhala ndi liquorice amachitanso chimodzimodzi.

Mukaona agogo akukana nsima, akuchita mseru, akusokonezeka, kapena akudandaula kuti zinthu zikuoneka zachikasu, musathamangire kunena kuti ndi ukalamba kapena malungo. Ikani zala ziwiri pamtsempha wapamkono, pansi pa chala chachikulu, muwerenge mphindi yathunthu. Ukamagunda kosakwana 60, kapena ukamadumphadumpha, musawapatse pilitsi lotsatira, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Ponyamuka tengani zonse zimene akhala akumwa, ngakhale kabotolo kopanda dzina kamene kamabisidwa kumutu kwa mphasa. Agogo adzachita manyazi kukatchula pamaso pa adokotala. Mukatchule ndinu, mwaulemu, ndipo munene tsiku limene anayamba kumwa.