Phunziro 18: Kamzere ka pa dzina la José

Kambiranani

Kodi dzina lanu anakupatsani ndani? Mungamve bwanji munthu wina atalilemba molakwa?

Mau atsopano

vawelo: lemba lililonse mwa awa: a, e, i, o, u
cizindikiro: kanthu kolembedwa kotiuza zocita powerenga
kuchula: kunena liu kapena dzina ndi pakamwa
katswiri: munthu wodziwa bwino nchito yake

Werengani nkhani iyi

Lolemba m'mawa, m'kalasi ya Giredi 3 ku Tamanda munabwera mwana watsopano. Iye anacokera ku Angónia, m'cigawo ca Tete, ku Mozambique. Amai ake anali a ku Tamanda, ndipo anali atabwerera kwao. Mwanayu anali kulankhula Cinyanja bwinobwino, cifukwa ku Angónia nako anthu ambiri amalankhula Cinyanja.

Aphunzitsi, Mai Tembo, anampatsa coko. "Bwera mwanawe, ulembe dzina lako pabolodi kuti anzako alione," anatero.

Mnyamatayo analemba mosamala: José. Pamwamba pa e anaikapo kamzere kakang'ono kopendekera kumanja.

Sabata imeneyo wofufuta pabolodi anali Misozi. Ataona kamzereko, anaganiza kuti coko caterereka. Ananyamuka msangamsanga n'kukafufuta ndi cala.

"Ndakukonzera," anatero Misozi.

Ana ena anaseka. Dalitso anati, "Aaa! Kodi kwanu malembo amamera nyanga?"

José sanaseke. Anayang'ana pansi, misozi ili lengelenge. "Limenelo si dzina langa," anatero motsitsa mau. "Dzina langa lili ndi kamzere. Ndi dzina la agogo anga, ndipo ndiwo anandiphunzitsa kulilemba."

M'kalasi munangoti zii.

Mai Tembo anatenga coko n'kulemba mavawelo asanu: a, e, i, o, u. Pambali pa e analembanso é.

"Ana inu, kamzere aka si kolakwika iai," anatero. "Ndi cizindikiro. Ku Mozambique ana ambiri amaphunzira kulemba m'Cipwitikizi. M'Cipwitikizi, vawelo ikakhala ndi kamzere kotere, imachulidwa mwamphamvu kuposa mavawelo ena a m'liu limenelo. José, tachula dzina lako timve."

José analichula. Mbali yothera ndiyo inamveka kwambiri. Ana onse anayesa kawiri, kacitatu, mpaka anakhoza.

"Tipatseko mau ena a kwanu okhala ndi é," anapempha aphunzitsi.

José anaganiza pang'ono. Kenaka analemba pé n'kuloza phazi lake. Analembanso café, n'kunena kuti ndi khofi.

"Palinso ena," anatero, tsopano akumwetulira. Analemba mau awiri ofanana kwambiri: avó ndi avô. "Oyambawa ndi agogo aakazi. Aciwiriwa, okhala ndi kacipewa, ndi agogo aamuna."

"Haa!" anadabwa Misozi. "Ndiye kuti ukalakwitsa cizindikiro, kalata ya agogo aakazi ipita kwa agogo aamuna?"

Onse anaseka, ndipo José naye anaseka nawo.

Mai Tembo anatambasula mapu a Africa. Analoza Zambia pakati, kenaka Mozambique ndi Angola. "Maiko awiriwa tinacita nawo malire, ndipo onse amalemba Cipwitikizi. Kumpoto kuno kuli dziko la Congo, kumene amalemba Cifalansa. M'Cifalansa namo muli é. Sukulu amati école. Mwana wakhanda amati bébé. Mwaona? Liu limodzi, timizere tiwiri."

Analozanso mizinda iwiri. "Uwu ndi Lomé, likulu la dziko la Togo. Uwu ndi Yaoundé, likulu la dziko la Cameroon. Maina onse awiri amathera ndi é."

Dalitso anakweza dzanja. "Aphunzitsi, nanga kuno ku Zambia aliko munthu wodziwika wa dzina lotere?"

"Funso labwino. Ndani adziwa caka cimene Chipolopolo inatenga cikho ca mpira ca Africa?"

"2012!" anafuula Dalitso. "Atate amakamba masiku onse."

"Wakhoza. Mphunzitsi wa timu yathu panthawiyo anali Hervé Renard wa ku France. Taonani dzina lake loyamba." Analemba Hervé pabolodi. "Ndipo timu imene tinaigonjetsa pa masewera otsiriza inali ya dziko la Côte d'Ivoire. Pa o pali kacipewa konga ka agogo aamuna aja."

Analembanso Pelé. "Uyu anali katswiri wa mpira wa ku Brazil, dziko lina lolankhula Cipwitikizi. Anatenga cikho ca dziko lonse katatu: mu 1958, mu 1962 ndi mu 1970."

"Nanga m'Cingelezi?" anafunsa Misozi.

"M'Cingelezi é saoneka kawirikawiri. Amapezeka m'mau obwereka, monga café. Kumbukirani kuti m'mau ambiri a Cingelezi e wa kumapeto samveka, monga mu cake. Kamzere ka pa café kakutiuza kuti e uyu timuchule."

Misozi anakhala cete kwakanthawi. Kenaka anati, "Ndiye kuti Cinyanja cathu cokha ndico cilibe?"

Mai Tembo analemba ziganizo ziwiri:

Mbalame ili mu mtengo.
Mtengo wa sopo wakwera.

"Werengani mokweza, ndipo mucherere khutu pa liu lakuti mtengo."

Ana anawerenga. Anawerenganso kaciwiri.

"Asiyana!" anatero José. "Pa mtengo wa mbalame mau akukwera. Pa mtengo wa sopo ali pansi."

"Ndi momwemo. Malembo ndi amodzimodzi, koma kachulidwe n'kosiyana. Akatswiri a Cinyanja akafuna kuonetsa kusiyanako m'mabuku ao, amalemba mténgo ponena wa kuthengo, ndipo amalemba mtengo ponena wa ndalama. Ife m'mabuku athu a kusukulu sitiikapo kamzere, cifukwa ciganizo conse cimatiuza mtengo umene akunena. Koma dzina la munthu tizililemba monga momwe mwini wake amalilembera."

Misozi ananyamuka pang'onopang'ono. Anatenga coko n'kupita pamene panali dzina lija. "Pepa, José. Kodi kamayambira kuti?"

José anamuonetsa. Misozi analemba kamzere kopendekera kumanja, pamwamba pa e. Dzina linabwerera mwakale.

Belu litalira, Dalitso anatenga mpira wake wa mapepala. "José, tiye ukakhale mu timu yathu," anatero. Ulendo uno analichula bwino.

Yankhani mafunso awa

1. Kodi José anacokera kuti?
2. N'cifukwa ciani Misozi anafufuta kamzere?
3. N'cifukwa ciani José anakhumudwa?
4. Kodi avó ndi avô asiyana bwanji?
5. Chulani maiko awiri ocita malire ndi Zambia amene amalemba Cipwitikizi.
6. Kodi Hervé Renard anali ndani?
7. Mukanakhala Dalitso, mukananena ciani kwa José pambuyo pa phunziro?

Nchito yoyamba

Lembani mau awa m'mabuku anu. Lembani mzere kunsi kwa vawelo iliyonse yokhala ndi cizindikiro.

José, Lomé, bébé, café, Angónia, Pelé, école

Nchito yaciwiri

Gwirizanitsani liu ndi tanthauzo lake.

pé, école, avó, bébé
sukulu, mwana wakhanda, phazi, agogo aakazi

Nchito yacitatu

Khalani awiriawiri. Wina awerenge ziganizo izi mokweza, wina anene ngati ndi mtengo wa kuthengo kapena wa ndalama.

1. Atate adula mtengo wa msuku.
2. Amai afunsa mtengo wa mcere.
3. Mbuzi zagona pansi pa mtengo.
4. Mtengo wa nshawa watsika pamsika.

Kunyumba

Funsani makolo anu za dzina lanu. Anakupatsani ndani, ndipo litanthauza ciani? Lembani ziganizo ziwiri, mawa mudzawerengere anzanu.