Mzere umene sunalembedwe m'kabuku

Panali mayi wina wogula usipa amene ankatsatira asodzi kuchokera ku Usisya mpaka ku Chintheche ndi ku Tukombo. Nthawi ina anadwala chifuwa, ndipo pachipatala china chaching'ono anamupatsa Bactrim. Patangopita masiku ochepa thupi lonse linatuluka zidzolo, milomo n'kutupa. Atabwererako, adokotala anazindikira msanga. "Mayi, mankhwala awa akukuwengani. Musadzamwenso." Analangiza bwino, koma pakamwa pokha. Panja odwala anali atadzaza mpaka pansi pa mtengo. M'kabuku ka kuchipatala ka mayiyo anangolembamo za zidzolo ndi mankhwala atsopano.

Patatha zaka, mayi uja anayima. Anayamba sikelo kumene malonda anamufikitsa, kutali ndi chipatala choyamba chija. Anamwino anatsegula kabuku, nawerenga tsamba ndi tsamba, kenako anafunsa: "Amayi, alipo mankhwala amene amakuwengani?" Iye anakumbukira kuti alipo ena oyera, koma dzina linali litathawa. Mapiritsi oyera ndi ambirimbiri. Anamwino anamupatsa Fansidar, amene amayi oyembekezera amamwera pomwepo kuti atetezedwe ku malungo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Bactrim ndi Fansidar ndi a banja limodzi la mankhwala a sulfa, choncho munthu amene anawengedwa kwambiri ndi Bactrim sayenera kupatsidwa Fansidar. Anamwinowo ankazidziwa bwino zimenezi. Chimene sankadziwa ndi mbiri ya mayi amene anali patsogolo pawo, chifukwa woiona ndi maso sanailembe.

Ulendo uno sizinali zidzolo chabe. Matuza anatuluka mkamwa ndi m'maso, khungu linayamba kusupuka ngati wapsa ndi madzi otentha. Ambulansi inamutengera kuchipatala cha boma ku Nkhata Bay, kenako ku Mzuzu Central. Anapulumuka, koma anagona milungu ingapo osatha kumeza ngakhale phala, ndipo maso ake sanabwererenso mwakale.

Ine sindichepetsa ntchito ya dokotala wa kumudzi. Amaona anthu ochuluka pa tsiku, nthawi zina yekhayekha, ndipo ena anachokera kummwera, Chitonga akuphunzira kumene. Koma n'chifukwa chake kulemba sikungasiyidwe. Kunyanja kuno anthu sakhala malo amodzi, ndipo msewu wa ku Usisya nthawi ya dzinja umavuta moti amene anakuona koyamba sungamupezenso msanga. Madokotala awiri amene sadzakumana amalankhulana kudzera m'kabuku basi. Dzina la mankhwala, mlingo wake, tsiku, zimene zinachitika, ndi dzina lowerengeka la wolembayo, zonsezi ndi mbali ya chithandizo, chimodzimodzi kalata yotumizira wodwala kuchipatala chachikulu. Zimenezi zikasowa, pali kokadandaula: bungwe la Medical Council of Malawi, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1987, limalembetsa madokotala ndipo limamva madandaulo a odwala amene sanasamalidwe moyenera.

Inunso muli ndi mbali yanu. Akakuuzani kuti mankhwala ena akukuwengani, musatuluke asanalembe dzina lake patsamba loyamba, ndi zilembo zazikulu. Kabuku kakanyowa m'bwato kapena kakadzaza, musakataye. Kasokereni pamodzi ndi katsopano, ndipo muzikasunga m'pepala lapulasitiki. Uzaninso amene mumakhala nawo dzina la mankhwalawo, chifukwa tsiku limene mudzafike kuchipatala muli chikomokere, gadiyani ndi amene adzafunsidwe.